Vaikom: tauni ya kachisi amene sindinalowemo

Amalawi ambiri amene timapita ku India kukadwazika abale timabwerako tisanaione India. Timadziwa bwalo la ndege, khonde la chipatala ndi kaloji komwe timaphikirako nsima ndi ufa wa m'chikwama, basi. Ine ndinali gadiyani wa achimwene anga amene anachitidwa opaleshoni ya mtima pa chipatala china mumzinda wa Kochi, m'chigawo cha Kerala, kumwera kwa dzikolo. Opaleshoni inayenda bwino, koma madokotala anati tisafulumire kunyamuka mpaka atakhutira ndi mmene bala likupolera. Apa m'pamene nthawi imatalika. Wodwala wapeza bwino moti kugona kwamukwana, ndalama zikungothera lendi, ndipo nonse awiri mwayamba kukanganirana limoti ya TV yomwe chilankhulo chake simukuchimva n'komwe.

Namwino wina, amene ankatiseka kuti takhala ngati akaidi, ndiye anatiuza za kwawo. Anati tikwere basi tipite ku Vaikom, tikapume mphepo ya kunyanja. Ndinayamba kupita ndekha kuti ndikaone ngati wodwala angakwanitse, kenaka tinadzapita limodzi dokotala atavomera, ndipo ndinabwererakonso nthawi ya chikondwerero chawo chachikulu. Ndikulemba izi kuti amene mudzapezeke ku Kochi muli ndi tsiku lopanda chochita, kaya ndinu agadiyani kaya ophunzira, mudzadziwe poyambira.

Vaikom ili m'boma la Kottayam, makilomita oposa 30 kumwera kwa Kochi, m'mphepete mwa nyanja ya Vembanad. Njira yosavuta ndi basi. Pitani pa depoti yaikulu ya Vyttila, mukwere basi yodutsa ku Thrippunithura ndi ku Poothotta. Ulendo wake ndi wa ola limodzi ndi kanthu, kutengera kuchuluka kwa magalimoto. Zikwangwani za mabasi ambiri zimalembedwa mu Chimalayalam chokha, chomwe zilembo zake n'zozungulirazungulira, choncho musavutike n'kuwerenga. Ingotchulani dzina la tauniyo kwa kondakitala, akugwedezerani mutu. Kugwedeza kwawoko n'kwa uku ndi uku, ndipo kawirikawiri kumatanthauza kuti eya. Mipando ina m'basi ndi ya amayi okha, yang'anani kaye mmene anzanu akhalira musanadzitaye pampando. Za sitima ya pamtunda samalani: pali siteshoni yotchedwa Vaikom Road, koma ili kutali ndithu ndi tauniyo, moti mukatsikira pamenepo mufunikanso basi kapena bajaji. Tengani ndalama zogwirika, zing'onozing'ono. Eni dziko amalipira pafupifupi chilichonse pa foni, koma mlendo wopanda akaunti ya kumeneko asadalire njira imeneyo.

Tauni yonse inamangidwa mozungulira kachisi wa Shiva, mmodzi mwa milungu ikuluikulu ya Ahindu, amene kumeneko amamutcha Vaikkathappan, ndiye kuti mwini wa Vaikom. Kachisiyo ali pa malo okwana maekala ngati 8, otchingidwa ndi khoma, ndipo ali ndi zipata zinayi zoloza kum'mawa, kumadzulo, kumpoto ndi kumwera. Pa chipata chilichonse pamachoka msewu, ndipo anthu akamalozerana njira amatchula zipatazo. Msewu wa chipata cha kumadzulo ukautsata umakakufikitsa kudoko.

Ndinene msanga chimene ambiri mungafunse: ngati si inu Mhindu, simulowa. Akachisi ambiri akale a ku Kerala lamulo lawo ndi lomwelo, ndipo uyu amayendetsedwa ndi bungwe la Travancore Devaswom Board. Musakakamire, musanamizire, ndiponso musajambule anthu akupemphera musanapemphe. Palibe anandikalipira kapena kundithamangitsa. Ndinaima pa chipata n'kumaonera patali. Ndinaona amuna akuvula nsapato, ambiri atavala mundu, nsalu yoyera yomanga m'chiuno, shati ili paphewa chifukwa mkatikati mwamuna salowa atavala malaya. Amayi anali atamanga maluwa oyera onunkhira m'tsitsi lonyowa. Otuluka anali ndi phulusa pamphumi. Namwino uja anandifotokozera kuti phulusalo limachokera pa moto wa m'khitchini yaikulu ya kachisiyo, chifukwa Shiva wa ku Vaikom amadziwika monga wodyetsa anthu, ndipo chakudya cha masana chomwe chimaphikidwa kumeneko, chotchedwa prathal, ndi nsembe yomwe anthu amaiona kuti ndi yaikulu kuposa zina. Malo opatulika a pakati, omwe ine ndinangowaona pa zithunzi, ndi obulungira ngati dzira, kamangidwe kosowa ku Kerala, ndipo makoma ake ali ndi zojambula zakale. Kachisi amatsegulidwa m'bandakucha, kutsekedwa cha kumasana, n'kutsegulidwanso madzulo. Ahindu ena amathamangira kupemphera kuno, ku Kaduthuruthy ndi ku Ettumanoor m'mawa umodzi, chifukwa nthano yawo imati miyala yopatulika ya malo atatuwa inabwera ndi munthu mmodzi, wotchedwa Khara, umodzi kudzanja lamanja, wina kumanzere, wachitatu atauluma kapena kuukoloweka m'khosi, kutengera wofotokoza.

Mwina mukuti, nanga ndikatani ku tauni ya kachisi ngati sindikalowa? Kayendeni m'misewu yozungulira khomalo. Lero ndi misewu wamba, muli mashopu a nsalu, a nthochi zokazinga, a mafoni, mabajaji akuliza mahutala. Koma zaka 100 zapitazo munali zikwangwani zoletsa anthu a magulu ena kudutsamo. Ahindu a kumeneko anali ogawidwa potengera kubadwa, ndipo a magulu monga Ezhava ndi Pulaya ankaonedwa kuti amadetsa, osati pokhudza pokha, koma ngakhale pongoyandikira. Munthu wobadwira m'tauni momwemo, wopembedza Shiva yemweyo, ankazungulira mtunda wautali kuti akafike kudoko kapena kumsika. Chimene chinandizunguza mutu n'chakuti Akhristu ndi Asilamu ankadutsa m'misewu imeneyi popanda vuto. Ndiye kuti ine, mlendo wa mpingo wina, ndikanafika mu 1923 ndikanaloledwa kuponda pamene mwana wa m'mudzimo sankaloledwa. Ngakhale galu ankadutsa.

Nkhaniyi anaikoka kwambiri ndi T. K. Madhavan, mtolankhani wa gulu la Ezhava, amene anakaitula ku msonkhano wa chipani cha Congress ku Kakinada mu 1923. Pa 30 Malichi 1924 zionetsero zinayamba, ndipo ndi zomwe zimatchedwa Vaikom Satyagraha, ndiye kuti zionetsero zopanda chiwawa za ku Vaikom. Kachitidwe kake kanali kophweka. Anthu atatu ankayenda kulunjika pa chikwangwani, apolisi n'kuwafunsa gulu lawo. Tsiku loyamba anali Kunjappy wa gulu la Pulaya, Bahuleyan wa Ezhava ndi Govinda Panikkar wa Nair, limodzi mwa magulu apamwamba. Wa Nair yekha ndiye ankaloledwa kudutsa, koma anakana kupita popanda anzake, ndipo onse atatu anamangidwa. Kenaka ena atatu, kenaka enanso. Atsogoleri monga Madhavan ndi K. P. Kesava Menon nawonso anatsekeredwa. Boma la Travancore, ufumu umene unkalamulira derali nthawi imeneyo, litaona kuti kumangako kukungowapatsa mbiri, linasiya kumanga, n'kutchinga misewu. Anthuwo anayamba kungoima pa zotchingazo tsiku ndi tsiku, padzuwa ndi pamvula. Chaka chomwecho Kerala inaona madzi osefukira oopsa omwe mpaka lero amawakumbukira kuti chigumula cha 99, potengera chaka cha 1099 pa kalendala yawo. Vaikom inamira. Ochita zionetsero anapitirizabe kuima m'madzi ofika m'chiuno mpaka pachifuwa, mosinthana, apolisi akuwalondera ali m'mabwato. Mukafika kumeneko n'kuona mmene tauniyo inakhalira pansi, pafupifupi mulingo umodzi ndi nyanja, simuvutika kukhulupirira.

Sizinali zaulemu zokhazokha ayi. Anthu otumidwa ndi otsutsa ankamenya ochita zionetsero, ndipo mmodzi anamupaka laimu m'maso. Thandizo linachokera kutali. E. V. Ramasamy, amene Atamil, anthu a chigawo choyandikana cha Tamil Nadu, amamutcha Periyar, anabwera mu Epulo 1924 atsogoleri atatha kumangidwa, ndipo anamangidwa kawiri. Mkazi wake Nagammai anatsogolera amayi. Asikh ochokera ku Punjab, kumpoto kwenikweni kwa India, anadzatsegula khitchini yodyetsa anthu ulere. Sree Narayana Guru, mphunzitsi wamkulu wa zauzimu wa gulu la Ezhava, anapereka malo ake kuti akhale likulu la zionetserozo, ndipo pamalopo lero pali sukulu. Mu Novembala 1924 Ahindu a magulu apamwamba amene ankagwirizana ndi zionetserozo anayenda wapansi kuchoka ku Vaikom mpaka ku Thiruvananthapuram, likulu la Travancore, motsogozedwa ndi Mannathu Padmanabhan, kukapereka chikalata chosainidwa ndi anthu pafupifupi 25,000 kwa Sethu Lakshmi Bayi, mfumukazi yomwe inkagwirizira ufumu. Nkhaniyo itapita ku nyumba ya malamulo mu Febuluwale 1925, inagonja ndi voti imodzi, 22 kwa 21.

Gandhi anafika pa boti mu Malichi 1925. Doko lakale lomwe anatsikira lidakalipo pafupi ndi latsopano, ndipo chapafupi pomwepo pali myuziyamu ya zionetserozi, yomwe mungaizungulire mu ola limodzi. Apa ndi pamene ine ndi achimwene tinasemphana. Iwo ndi amodzi mwa anthu amene anakondwa mu 2018 pamene khothi linaimitsa ntchito yomanga chiboliboli cha Gandhi pa Ginnery Corner ku Blantyre, chifukwa cha zomwe mkuluyu analemba zonyoza anthu akuda ali ku South Africa. Titaima pa zithunzi zake anati, "Iwe, usandiuze kuti wandikwezera basi ndi bala langali kuti ndidzagwadire ameneyu."

Ndinati, "Achimwene, tawerengani kaye, mukalipa bwino pambuyo."

Atawerenga anapeza zowakomera mbali zonse. Gandhi anauza George Joseph, loya wachikhristu amene ankatsogolera nawo, kuti nkhondoyi aisiyire Ahindu, ndipo sanafunenso khitchini ya Asikh ija. Iye ankati tchimoli ndi la Ahindu, alape okha. Ena mpaka lero amati zimenezi zinafooketsa zionetserozo. Komanso Gandhi yemweyo anapita kukakambirana ndi mtsogoleri wa otsutsa, Indanthuruthil Neelakantan Namboothiri, ndipo mwini nyumba sanamulowetse m'nyumba. Anamukhazika panja, chifukwa nayenso kwa iwo sanali wa gulu loyenera kuponda mkatimo. Anakambirana maola angapo, mkuluyo ataumirira kuti anthu oletsedwawo akukolola zomwe anachita m'moyo wawo wakale. Chilichonse chimene Gandhi anapempha chinakanidwa.

Nyumba imeneyo, Indamthuruthi Mana, muyenera kukaiona, ndipo wa bajaji aliyense akuidziwa. Banjalo litasauka, nyumbayo inagulidwa ndi bungwe la anthu okwera mitengo ya kokonati kukatenga uchema, ntchito yomwe kuyambira kale inali ya gulu la Ezhava, omwe aja sankaloledwa ngakhale mumsewu. Lero ndi ofesi yawo, ndipo pamwamba pakukupiza mbendera yofiira. Achimwene anaseka mpaka kugwira pachifuwa, ine n'kuyamba kuchita mantha ndi ulusi wa dokotala.

Zionetsero zinatha mu Novembala 1925, patadutsa masiku oposa 600. Kupambana kwake kunali kwa theka. Misewu ya mbali zitatu inatsegulidwa, ya kum'mawa inakhalabe yotseka, ndipo olemba mbiri ena amati pena boma linangolambula tinjira tatsopano topatuka kuti anthuwo adutse motalikira khoma. Periyar sanakhutire nazo. Kulowa m'kachisi mwenimweni kunadzatheka pa 12 Novembala 1936, mfumu Chithira Thirunal italengeza kuti akachisi onse a boma la Travancore atsegulidwe kwa Mhindu aliyense. Malo okumbukira Periyar ali pa mphambano ya Valiyakavala, ndipo anawakonzanso n'kuwatsegula mu Disembala 2024, nduna zazikulu za Kerala ndi Tamil Nadu zili pomwepo. Mukakwera basi pa siteji ya Dalawakulam, funsani achikulire za dzinalo. Amafotokoza kuti panali dziwe pamenepo, ndipo kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1800 anyamata a gulu la Ezhava amene anayesa kulowa m'kachisi anaphedwa n'kukwiriridwamo. Nkhaniyi imayenda pakamwa, ndipo aliyense amaifotokoza mwake.

Tsopano za madzi, omwe kwa wodwala ndiye mankhwala. Vembanad ndi nyanja yaitali kuposa zonse ku India, makilomita oposa 90, koma ndi yopapatiza ndi yosaya, ndipo imalumikizana ndi nyanja yamchere ku Kochi. Kwa anthu a ku Vaikom nyanjayi ndi msewu. Pa doko pamanyamuka maboti a boma opita ku Thavanakkadavu, tsidya la Alappuzha, mtunda wa makilomita awiri ndi theka, ulendo wa mphindi ngati 15. Mtengo wake sufika pa wa kapu ya tiyi. Ngati mungathe, dikirani boti lotchedwa Aditya. Linayamba kuyenda mu Januwale 2017, ndipo ndi loyamba ku India kunyamula anthu ndi mphamvu ya dzuwa. Limatenga anthu 75, denga lake lonse ndi mapanelo a sola. Mukazolowera maboti a dizilo, lino limadabwitsa: palibe utsi, palibe kunjenjemera, mumamva madzi akuwomba m'mbali ndi ana a sukulu akukangana. Okwera ake ndi amayi a mabasiketi a nsomba, ogwira ntchito m'maofesi, agogo opita kuchipatala. Ife tinangopita tsidya, kumwa tiyi, n'kubwerera, ndipo palibe anatifunsa chifukwa.

Koma kukoma kwenikweni kuli m'timitsinje ta kuseri. Mtsinje wa Muvattupuzha ukamayandikira nyanja umagawikana kukhala Ithipuzha ndi Murinjapuzha, ndipo pakati pake pali ngalande zambirimbiri zodutsa m'makomo mwa anthu, m'midzi monga Chempu ndi Maravanthuruthu. Pano pali chisankho. Ku Alappuzha ndi ku Kumarakom kuli maboti akuluakulu okhala ngati nyumba, otchedwa kettuvallam, omwe kale ankanyamula mpunga koma lero ali ndi zipinda zogona ndi makina oziziritsa. Ndi okwera mtengo, ndipo chifukwa cha kukula kwake amangoyenda pamadzi otakasuka. Kwa gadiyani amene thumba laphwa, ndiponso kwa aliyense wofuna kuona anthu, ndikulangiza bwato wamba lopanda injini, loyendetsedwa ndi nsungwi. Gwirizanani mtengo ndi maola musanakwere, ndipo funsani ngati chakudya chili momwemo. Ngati muli ndi wodwala, pemphani bwato la denga ndi mipando yotsamira, komanso funsani za majekete oyandamitsa.

Wopalasa wathu anali bambo wachikulire woonda, wa minofu ngati zingwe. Namwino anali atandiphunzitsa kuti mwamuna wamkulu kwa iwe umamuitana kuti chetta, mkazi chechi, ndipo nditamuitana choncho nkhope yake inamasuka. Ankaponya nsungwi kutsogolo, kuizika m'matope, n'kuyenda nayo cham'mbuyo m'mbali mwa bwato, kenaka n'kuisolola ikudontha, osanyowetsa munthu. Ngalande zina zinali zopapatiza moti masamba a kokonati ankatikwapula kumaso, ndipo pa timilatho tina tinkachita kuwerama. Khomo lililonse lili ndi masitepe a miyala otsikira m'madzi. Apa mayi akumenyetsa zovala pa mwala, apo mwana wavala yunifolomu akudikira bwato, patsogolo gulu la abakha likusambira motsogozedwa ndi munthu wa pa kabwato. Akakowa anali mbuu m'minda.

Tinaima pa khomo lina pamene amayi awiri ankapota zingwe za makoko a kokonati. Makokowo amawaviika m'madzi kwa miyezi mpaka atafewa, kenaka amawamenya kuti ulusi ulekane. Mayi mmodzi anakoloweka ulusi pa kambedza ka gudumu lozungulira, mtolo wa ulusi uli m'thumba pamimba, n'kuyamba kuyenda chafutambuyo. Manja ake ankangotulutsa ulusi pang'onopang'ono, ndipo zingwe ziwiri zinkabadwa pamaso pathu, iye akucheza ndi mnzake osayang'ana n'komwe. Atafika kumapeto kwa bwalo anaziphatikiza kukhala chingwe chimodzi cholimba. Anandipatsa kuti ndikoke. Sichinaduke. Zingwe zimenezi ndi zomwe zimakapangidwa mamati opondera pakhomo m'mafakitale a ku Alappuzha, ndipo amayiwo anatiuza mosabisa kuti ndalama yake ndi yochepa ndipo ana awo safuna kuiphunzira ntchitoyi. Pokhala alendo, kugula kanthu pamalo oterewa n'kwabwino kuposa kungojambula n'kuchoka. Kumakomo komweko mudzaona tsabola wakuda akuyanga m'mitengo, amayi oluka mikeka ya masamba aminga, ndi milu ya zigoba za kakka, nkhono zakuda za m'nyanja zomwe amuna amakokola pansi pa madzi m'mamawa. Nyama yake amaiwiritsa n'kugulitsa, zigoba amawotcha kupanga laimu.

Madziwa ali ndi mavuto ake, ndipo wopalasa sanatibisire. Namasupuni amatseka ngalande zina mpaka bwato kulephera kudutsa. Mabotolo apulasitiki ali paliponse pamene anthu sanadzipereke kuyeretsa, ngakhale kuti ku Maravanthuruthu anthu a m'mudzi anagwirizana n'kukonza ngalande zawo kuti alendo aziyendamo. Kumwera kwa Vaikom, pakati pa Vechoor ndi Thanneermukkom, kuli baraji yomwe inamangidwa m'zaka za m'ma 1970 kuti madzi amchere asalowe m'minda ya mpunga ya Kuttanad, komwe anthu amalima pansi pa mulingo wa nyanja. Zitseko zake zimatsekedwa cha mu Disembala n'kutsegulidwa mpunga ukakololedwa. Alimi amafuna zitsekedwe nthawi yaitali, asodzi amafuna zitsegulidwe msanga chifukwa nsomba, nkhanu ndi kakka zimafuna madzi osakanikirana kuti ziswane, ndipo mkangano umenewu umabuka chaka ndi chaka. Mu Ogasiti 2018 madzi anasefukiranso ku Kerala konse, ndipo wopalasa anatilozera pa khoma la nyumba ina pamene madziwo anafika. Ku Vechoor komweko n'kumene kunachokera ng'ombe zotchedwa Vechur, zazifupi mosakwana mita imodzi, zomwe zinatsala pang'ono kutha zisanapulumutsidwe ndi akatswiri a yunivesite ya zaulimi kuyambira mu 1989. Achimwene, amene ndi mlimi, anakana kukhulupirira kuti yomwe tinaiona inali yaikulu kale.

Pa chakudya simuvutika. Masana pemphani mpunga wa pa tsamba la nthochi. Mpunga wake ndi wonenepa, wofiirira, ndipo ndiwo zake zimabwera tizigawotizigawo, akumakuwonjezerani mpaka mutakana. Nsomba yawo yonyadira ndi karimeen, yomwe ili m'banja limodzi ndi chambo chathu, ndipo mukailawa mudzamva ubalewo. Amaipaka tsabola ndi anyezi, kuikulunga m'tsamba la nthochi n'kuiwotcha pa chiwaya. Palinso kappa, chinangwa chophika chofewa, chodyera nsomba ya msuzi wofiira. Msuzi umenewo ndi moto, ndipo m'malo ogulitsira uchema ndi momwe amauwawitsa dala. Wodwala mtima asayerekeze: mchere, mafuta a kokonati ndi tsabola n'zambiri. Achimwene ankadya appam kapena puttu wa ufa wa mpunga, ndi ndiwo zamasamba zomwe ndinkapempha kuti achepetse mchere. Malo odyera ozungulira kachisi ambiri saphika nyama kapena nsomba, za nsomba muzipeza cha kudoko. Akakupatsani madzi otentha ofiirira musadabwe, ndi owiritsa ndi tizidutswa ta mtengo, ndipo ndi abwino kuposa a pampopi.

Chikondwerero chachikulu ndi Vaikathashtami, cha masiku 12, chomwe chimachitika m'mwezi wawo wa Vrischikam, pakati pa Novembala ndi Disembala. Tsiku lenileni limasintha chaka ndi chaka potsata mwezi wakumwamba, choncho funsani. Ngakhale amene salowa m'kachisi amaona zambiri, chifukwa chimake cha mwambowu chimadutsa mumsewu. Makilomita ochepa kumpoto, ku Udayanapuram, kuli kachisi wa Subrahmanya, amene amati ndi mwana wa Shiva. Pa usiku womaliza fano lake limakwezedwa pa njovu yovekedwa chigoba chagolide pamphumi, n'kubwera kudzaonana ndi bambo ake monga wobwera kunkhondo atapambana. Amati tsiku limenelo bamboyo amadyetsa khamu lonse koma iye osadya, podera nkhawa mwana. Ndinaima mumsewu wa kumpoto pakati pa anthu osawerengeka. Khomo lililonse linali litayatsa nyali zamkuwa za mafuta, ataimika makolo a nthochi m'mbali. Ng'oma za chenda zikayamba, zoimbidwa ndi amuna ambiri pamzere, sumazimva ndi makutu okha, zimagunda m'nthiti. Njovu inadutsa pafupi moti ndinamva kulira kwa unyolo wa kumiyendo kwake, ndipo ndinene kuti unyolowo sunandisangalatse. Ku Kerala komweko anthu amatsutsana za kugwiritsa ntchito njovu pakati pa phokoso ndi moto chonchi, ndipo zimachitika kuti njovu yalusa. Imani pamene pali pothawira. M'bandakucha bambo ndi mwana amatsanzikana, zitoliro zikuimba nyimbo yachisoni, ndipo anthu ena amalira zenizeni.

Usiku wamba, wopanda chikondwerero, uli ndi chake. Asanatseke zipata, wantchito wa pakachisi amatuluka ndi nyali n'kufuula kufunsa ngati pali wina amene sanadye mgonero. Namwino anati mwambowu ndi wakalekale, ndipo wina akayankha ayenera kudyetsedwa chipata chisanatsekedwe. Ndinaumva mfuuwo ndili panja pa khoma. Ndinaukonda, koma ndinadzifunsanso kuti m'masiku a zikwangwani aja unkafika kwa yani, popeza anjala enieni sankaloledwa kuyandikira pomwe akanaumva.

Nyengo yabwino yopitira ndi kuyambira Disembala mpaka Febuluwale. Kuyambira Malichi mpaka Meyi kumatentha kwa chinyezi, thukuta losauma, ndipo Juni akafika mvula yake imagwa ngati yolipidwa mpaka cha mu Sepitembala. Ambulera ikhale m'chikwama nyengo iliyonse, pamodzi ndi mafuta othamangitsa udzudzu. Valani zotalika, amayi ndi abambo omwe, makamaka pafupi ndi kachisi. Anthu adzakuyang'anani, ena adzapempha kujambulitsa nanu, ena adzafunsa ngati Malawi ili ku South Africa. Ine sindinaonepo chipongwe pamenepo, koma mukatopa nazo kukana n'kololedwa. Funsaninso ngati tsikulo kulibe sitalaka, chifukwa ku Kerala zipani zikaitanitsa sitalaka mabasi ndi mashopu zimaima zonse.

Wodwala musapite naye ku Vaikathashtami, ngakhale atachonderera bwanji. Khamu lake ndi lothinana, kuima n'kwa usiku wonse, ndipo galimoto singadutse mwachangu zitavuta. Mutengeni tsiku wamba, dokotala atavomera, munyamuke m'mawa kusanatenthe, mankhwala a masana ndi kope la makalata a kuchipatala zili m'chikwama. Pobwerera, ngati watopa, musaumire ndalama ya takisi. Madalaivala a mabasi a kumeneko amathamanga ndi kumanga mabuleki mwadzidzidzi, ndipo munthu wa bala la pachifuwa amamva bampu iliyonse.